Gracile: kuonda kumene sikuchokera ku njala

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira unamwino, anabwera kwathu pa tchuthi atanyamula chibuku cha ziwalo za thupi cholemera ngati njerwa ziwiri. Tsiku lina madzulo ndikusenda nzimbe pakhonde, anatuluka chala chili pa tsamba.

"Amalume, mnofu uwu akuutchula gracilis. Ndiye kuti ndi mnofu wachisomo?"

Ndinaseka, koma funsolo silinali lachibwana. Kuno kwathu aliyense amadziwa kuti Grace ndi Chisomo, ndipo palibe kalasi imene mungalowe osapezamo mmodzi. Ukaona liwu loyamba ndi zilembo zomwezo, mutu umathamangira komweko. Si ife tokha. Eni ake Chingerezi akhala akugwera m'dzenje lomweli kwa zaka zoposa 100, pa liwu lawo lomwe la gracile, limene ndi mwana wa gracilis wa m'buku lija.

Gracile ndi liwu lofotokoza maonekedwe a chinthu. Limanena za chinthu chochepa m'mimba mwake poyerekeza ndi kutalika kwake, chopepuka m'mapangidwe, chopanda kukhuthala: mwendo wa kakowa, khosi la gwape, fupa la m'phiko la mbalame. Simungalimve pa msika ku London kapena mu basi ku Manchester. Mngelezi wamba akhoza kubadwa mpaka kukalamba osalitchulapo. Limakhala m'mabuku a madokotala, a akatswiri a mafupa akale, a ofufuza za nyama, ndiponso mwa apo ndi apo m'ndakatulo. Katchulidwe kake nako kamasonyeza kuti si mbale wa Grace: poyambira pamamveka "gra" wamfupi, osati "gre" wa m'dzina lija. Ena amati grasayilo, ena grasilo, ndipo zonsezi n'zololedwa.

Mizu yake ndi iwiri yosiyana. Grace anachokera ku gratia, liwu la Chilatini lonena za kukondweretsa, kukoma mtima ndi kuyamika. Gracile anachokera ku gracilis, limene kwa Aroma linkangotanthauza chochepa thupi, chopyapyala, nthawi zina chosakwanira. Panalibe lonjezo la kukongola. Nthaka yosabereka bwino ikanatha kutchedwa choncho. Aulus Gellius, wolemba wa ku Roma wa m'zaka za m'ma 100, anagawa kalembedwe m'mitundu itatu: uber, kodzaza ndi zokometsera, gracilis, kopanda zokometsera, ndi mediocris, kapakatikati. Choncho ngakhale chiganizo chikhoza kukhala gracilis ngati wolemba wachichotsa mafuta onse.

Liwuli linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1620, nthawi imene ophunzira a ku England ankatola mawu a Chilatini ngati ana otola mango mphepo itawomba. Ambiri mwa mawu amenewo anafa asanakule. Gracile anapulumuka, koma sanafalikire, chifukwa malo ake anali atatengedwa kale ndi slender. Pali umboni wokoma wa zimenezi. Ndakatulo ina yotchuka ya Horace, wolemba wa ku Roma, imayamba ndi kufunsa za mnyamata amene akumutchula gracilis puer. John Milton, katswiri wa Chilatini amene anali moyo pamene gracile ankalowa m'Chingerezi, pomasulira ndakatuloyo analemba slender youth. Liwu latsopanolo analisiya pambali.

Kusokonekera kunadza pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1800, pamene alakatuli ena anayamba kulemba gracile pofuna kunena mkazi wochepa thupi koma woyenda mokongola. Khutu linawanamiza. Olemba dikishonale ya Oxford anadandaula kuti uku n'kugwiritsa ntchito liwu molakwika, chifukwa cholisokoneza ndi grace. Koma cholakwa chikachitidwa ndi anthu ambiri kwa nthawi yaitali chimasanduka chizolowezi, ndipo madikishonale a lero amaika matanthauzo onse awiri. Ine ndimaona kuti tanthauzo lachiwirili n'losafunika kwenikweni, popeza Chingerezi chili kale ndi graceful, svelte ndi willowy zogwira ntchito imeneyo. Chimene gracile yekha amatha, n'kunena kuti chinthu n'chochepa m'mapangidwe popanda kuchitamanda kapena kuchimvera chisoni.

Zilankhulo zina zobadwa ku Chilatini zinalikokera kwina ndi kwina. M'Chitaliyana, mwana akatchedwa gracile ndiye kuti ndi wofooka, wodwaladwala. M'Chisipanishi grácil anapendekera ku kukongola. M'Chifalansa liwuli linatha ngati sopo mpaka kutsala grêle, ndipo matumbo aang'ono amawatcha intestin grêle. Kholo limodzi, ana atatu, aliyense ndi khalidwe lake.

Tsono kwa ife olankhula Chichewa pali dzenje lachiwiri, ndipo ndi lakuya kuposa la Grace. Tikaona gracile timafulumira kunena kuti "woonda". Koma taganizani mmene liwu la kuonda limagwirira ntchito pakamwa pathu. Kuonda ndi chinthu chimene chimakuchitikira. Munthu amaonda, kutanthauza kuti dzana sanali chonchi. Mukafika kumudzi patapita chaka, agogo akakuyang'anani n'kunena kuti "mwanenepatu", ndiye kuti akuyamikirani: zinthu zikuyenda, mukudya bwino, apabanja akukusamalani. Akanena kuti "mwaondatu", funso lotsatira mukulidziwa kale: mukudwala, kapena ntchito inatha? Mbiri yathu inalemetsanso liwuli. Edzi itayamba kutha anthu, dzina lina limene inapatsidwa linali kaliwondewonde. Ku Uganda zinalinso choncho: mu 1985 madokotala analemba za nthenda imene anthu a m'boma la Rakai ankaitcha slim. Liwu limene ku Ulaya ndi loyamikira mtsikana, kumeneko linasanduka dzina la imfa.

Gracile alibe katundu ameneyu. Sanena za kusintha, sanena za njala, sanena za matenda. Amanena za mmene chinthu chinapangidwira. Gwape wokhuta msipu wa m'dzinja ndi gracile, ndipo njati imene yatha ndi chilala mpaka nthiti kuwerengeka si gracile ayi, yangoonda basi. Pa Chichewa choyandikira kwambiri ndi pamene timati "ndi wochepa thupi, ndi mmene anabadwira" kapena "ndi wa mafupa aang'ono". Chingerezi chili ndi banja lina la mawu onena za kuonda kwa njala ndi matenda, lochokera ku macer wa Chilatini: emaciated, meagre, ndi lina losowa kuposa gracile, macilent. Mwana wonyentchera amene ali m'chipinda cha ana kuchipatala ndi emaciated. Kumutchula gracile kungakhale kusamva Chingerezi, ndiponso kusamva chisoni.

Tibwerere ku mnofu wa mwana wa mlongo wanga. Ndinamuuza kuti akhale pa mpando, apinde bondo, akankhire chidendene kumbuyo pa mwendo wa mpandowo, kenako agwire kuseri kwa bondo, mbali ya mkati. Pamenepo pamatuluka tizingwe tiwiri tolimba ngati nsambo za banjo. Kamene kali chamkati kwambiri, kocheperako, ndiko mchira wa gracilis. Mnofuwo ndi wautali, wopyapyala ngati lamba, ndipo umachokera ku fupa la kutsogolo kwa chiuno n'kutsika mkati mwa ntchafu mpaka kukamangirira pa fupa lalikulu la mwendo, pansi pa bondo. Pomangirirapo umakumana ndi minofu ina iwiri, ndipo itatuyo imatambasuka ngati phazi la tsekwe. Akatswiri akale anapatcha pes anserinus, kutanthauza zomwezo. Ntchito yake ndi kuthandiza kubweretsa miyendo pamodzi ndi kupinda bondo.

Chosangalatsa n'chakuti mwendo umatha kuyenda bwinobwino popanda mnofu umenewu, chifukwa pali ina yamphamvu yogwira ntchito yomweyo. Pa chifukwa chimenechi madokotala a opaleshoni amauona ngati sipeya. Wosewera mpira akaduka mtsempha wa mkati mwa bondo, nthawi zambiri amatenga chingwe cha gracilis ndi cha mnzake woyandikana naye n'kupangira mtsempha watsopano. Mu 1976 dokotala wa ku Japan, Kiyonori Harii, anafotokoza za kusamutsa chidutswa cha mnofuwu kuchoka pa ntchafu kupita kumaso kwa munthu amene nkhope inafa mbali imodzi, n'kulumikiza timitsempha ta magazi ndi minyewa kuti munthuyo athe kumwetuliranso. Mwana wa mlongo wanga atamva izi anati, "Ndiye chisomocho chilipo ndithu, amalume." Ndinalibe poyankha.

M'buku lake lomwelo liwuli likupezekanso pa mutu wa ubongo. M'kati mwa msana muli mtolo wa minyewa wotchedwa fasciculus gracilis, umene umanyamula uthenga wa kukhudza ndi wa malo amene miyendo ili, kuchoka kumunsi kwa thupi kupita ku ubongo. Ndi umene umakuthandizani kudziwa pamene phazi laponda mukuyenda mumdima. Pambali pake pali cuneatus, wonyamula uthenga wa m'manja, amene dzina lake limanena za chitsulo chosongoka chokhomera pong'amba nkhuni. Mayina onsewa ndi a maonekedwe chabe: uyu wochepa, uyu wosongoka.

Koma kumene gracile ali pakhomo penipeni ndi kwa akatswiri a mafupa a zolengedwa zakale zofanana ndi anthu, ndipo nkhani imeneyi imafika mpaka ku Karonga.

Mu 1924 ku Taung, ku South Africa, anthu ophwanya miyala ya laimu anafukula kachigaza ka mwana. Raymond Dart wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anakapatsa dzina la Australopithecus africanus chaka chotsatira. Mu 1938 Robert Broom anafotokoza za mafupa opezeka ku Kromdraai a cholengedwa china chofanana nacho, koma cha nsagwada zochindikala ndi mano otafunira aakulu zedi, ndipo anachitcha Paranthropus robustus. Mu 1959 Mary Leakey anafukula ku Olduvai, ku Tanzania, chigaza china choposa pamenepo, chimene lero chimatchedwa Paranthropus boisei. Mano ake ena otafunira amafika masentimita 2 m'lifupi. Atolankhani anachipatsa dzina loti munthu woswa mtedza. Akatswiri anafunika mawu awiri osiyanitsa magulu awiriwa, ndipo anasankha robust ndi gracile. Robust anachokera ku robur, dzina la Chilatini la mtengo wolimba wa oak, monga ife tingatchulire tsanya kapena muwanga. Lucy, wamkazi wa zolengedwa zakalezi amene Donald Johanson ndi anzake anamupeza ku Hadar ku Ethiopia mu 1974, wa zaka pafupifupi 3.2 miliyoni, anaikidwa ku gulu la gracile.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaterereka. Akamva mawu awiriwa amaona m'maganizo chimphona cha zigono zazikulu pambali pa kamunthu kowonda ngati bango. Si choncho. Magulu onse awiri anali a matupi aang'ono, ambiri olemera pakati pa makilogalamu 30 ndi 50, aafupi kuposa munthu wa lero. Kusiyana kwawo kunali kuyambira m'khosi kupita m'mwamba: nsagwada, mano, mafupa a m'masaya ndi chigaza. Gracile apa sakunena za mimba kapena mikono. Akunena za chipangizo chotafunira.

Ndinali ndi nzimbe m'manja, ndiye ndinamupatsa mfundo imodzi kuti atafune, zala ziwiri ataziika pa litsipa, pakati pa diso ndi khutu. Yesani nanunso ndi chimanga chokazinga. Mukaluma, pamenepo pamafufuma, mukamasula, pamaphwa. Umenewo ndi mnofu wokoka nsagwada, ndipo mwa ife umathera m'mbali mwa mutu. Mwa Paranthropus unali waukulu kwambiri moti mbali za mutu sizinaukwanire. Unakwera mbali zonse ziwiri mpaka kukakumana pa liwombo, ndipo mwa ambiri, makamaka aamuna, fupa linatukuka pamenepo ngati mzere wa m'munda kuti minofuyo ipeze pogwira. Mafupa a m'masaya anatambasukira kunja kuti mnofuwo udutse, nkhope n'kukhala yotakata ngati mbale. A gulu la gracile anali ndi nsagwada zopepukirapo ndi mano otafunira ochepa poyerekeza ndi amenewa.

Mawu oti "poyerekeza" ndi ofunika. Mano a Lucy, amene akutchedwa gracile, ndi aakulu kuposa anu ndi anga. Mukamuika pambali pa munthu wa lero, iye ndiye wochindikala nsagwada. Gracile nthawi zonse amafuna mnzake womuyerekeza naye. Anthu a lero ndife gracile tikaima pambali pa Neanderthal, munthu wakale wa ku Ulaya, amene mafupa ake anali okhuthala. Ngakhale pakati pa ife tokha, mafupa a anthu akale osaka nyama anali olimba mkati kuposa a anthu amene anakhazikika n'kuyamba ulimi, ndipo athu a lero, okhalira mipando ndi maminibasi, ndi opepuka kuposa onsewo. Kupepuka kwa mafupa m'kupita kwa mibadwo kumeneku akatswiri amakutcha gracilization.

Dzina la woswa mtedza nalo linadzapezeka kuti linali lonamiza. Atapima zipsera za pa mano ndi zimene zinatsalira m'kati mwa manowo, ofufuza anapeza kuti Paranthropus boisei wa ku East Africa ankadya kwambiri udzu ndi zomera za m'madambo. Nsagwada zija sizinali nyundo yoswera, zinali mphero yopera tsiku lonse.

Ku Karonga, m'miyala yakale ya m'mphepete mwa nyanja imene imatchedwa Chiwondo Beds, gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linapeza nsagwada ya m'munsi ku Uraha mu 1991. Inalembedwa nambala UR 501, ndi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo anaiika ku mtundu wa Homo rudolfensis, umodzi mwa mitundu yoyambirira ya gulu limene ifenso tilimo. Mu 1996 ku Malema, m'boma lomwelo, kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ya Paranthropus boisei cha nthawi yofananako. Ndiye kuti m'mbali mwa nyanja yathu munkayenda zolengedwa ziwiri zoyenda chilili, china cha mphero zazikulu mkamwa, china cha mzere umene pambuyo pake unatsamira pa ubongo ndi zida zamiyala. Mzere wa nsagwada zochindikala unatha zaka pafupifupi 1 miliyoni zapitazo osasiya mbewu. Nkhani ya zofukulidwazi imafotokozedwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, komwe kulinso Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa dinosaur. Kaya wina amavomereza za kusinthika kwa zamoyo kaya ayi, mafupawo alipo, ena ochindikala, ena opepuka, ndipo mawu awiriwa ndi oyezera zimenezo.

Ofufuza za nyama anatengera chizolowezi chomwecho. Bonobo, nyani wamkulu wopezeka kum'mwera kwa mtsinje wa Congo kokha, nthawi zina amatchedwa gracile chimpanzee, chifukwa miyendo yake ndi yaitali ndipo mutu ndi mapewa n'zochepa poyerekeza ndi chimpanzi wodziwika uja. Ku South America apusi otchedwa capuchin anagawidwa m'magulu awiri, a robust ndi a gracile, ndipo kusiyana kuli pomwe paja, pa nsagwada ndi miyendo. Mukayamba kuyang'ana mayina a Chilatini a zomera ndi tizilombo, gracilis mumupeza paliponse. Amene anaphunzira bayoloje ku sekondale akumbukira Euglena, kachilombo kobiriwira ka m'madzi oima, ndipo mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Euglena gracilis.

Nanga munthu wolemba Chingerezi aligwiritse ntchito liti? Limayenda bwino ndi ziwalo ndi mapangidwe: gracile bones, gracile limbs, a gracile build, a gracile skull. Dzina lochokera pamenepo ndi gracility. Pa munthu wamoyo amene mukumudziwa limamveka lozizira, ngati mukumuyeza ndi tepi m'chipinda cha mitembo. Mukafuna kuyamikira, slim ndi slender zilipo. Lean amanena za thupi lopanda mafuta koma lamphamvu, ngati la othamanga mitunda italiitali a ku Kenya. Skinny ndi scrawny ndi onyoza, lanky ndi wamtali wosowa poika manja ndi miyendo, gaunt ndi wa nkhope yolowa chifukwa cha matenda kapena nkhawa. Ndaonapo ana a sukulu akutola liwu ngati ili mu dikishonale n'kuliponya mu chimangirizo kuti aopseze wochonga: "my gracile grandmother welcomed us". Wochonga wodziwa amangodabwa kuti agogowo awafukula kuti. Ndipo chimene mwanayo ankafuna kunena, mosakayika, ndi gracious, liwu lachitatu lofanana nawo, lonena za munthu wolandira alendo ndi manja awiri.

Titafika apa kunali kutada, ndipo mayi a kunyumba anali ataika kale nsima pa tebulo. Mwana wa mlongo wanga anatseka buku, n'kuyang'ana timikono take, kenako anati, "Ndiye ine, amalume, sindine woonda. Ndine gracile."

Mayi aja, amene anamva theka la nkhaniyo ali kukhitchini, sanafunse tanthauzo. Anamugwira pa mkono, chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kukumana popanda vuto, ndipo anapukusa mutu. "Zachizunguzo kaya. Kusukuluko akukudyetsani chiyani? Amayi ako akakuona chonchi adzati sitimakupatsa chakudya." Anamuikira mtanda wachitatu.